Makadi Amene Ndinagawa pa Geti la Fakitale

Ababa anachoka ku usilikali ine ndili Folomu 2. Nthawi imeneyo ankachepetsa asilikali, ndipo dzina lawo linali pakati pa opuma. Sanadandaule. Mpaka lero akamafotokoza za kuchoka kwawoko nkhope imawala. Anawauza kudakali miyezi, anawaitana mmodzimmodzi mu ofesi, anawafunsa chimene akukachita kumudzi, ndipo tsiku lomaliza anaima pa pelete wamkulu n'kuwagwira chanza. Amati chaka chimenecho ngakhale olowa atsopano analembedwa ochepa, kuti wotuluka asakumane pakhomo ndi wodzatenga bedi lake. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti ababa si munthu wosadziwa kuti ntchito imatha. Amadziwa, ndipo amadziwanso mmene munthu amatsanzikidwira.

Kwawo kwa amayi ku Khwethemule munda wake ndi kachigamba, ndipo pamenepo panali kale ang'ono awo a amayi awiri ndi mabanja awo. Choncho pamudzi sitinakhalitse. Esiteti ina ya tiyi inkafuna alonda, ndipo inkakonda kulemba amene anagwirapo mfuti, chifukwa akuba makadamiya ndi ocheka mabulugama sankabwera chimanjamanja. Ababa anawalemba, n'kuwapatsa nyumba ku malaini kumene kumakhala antchito: zipinda ziwiri, kakhonde, mpopi pa nyumba yachitatu. Amayi anadzala nthochi kuseri ndi mtengo wa mapeyala kumaso. Tinakhalamo zaka khumi ndi zinayi. Koma nyumba ya pa esiteti imayenda ndi ntchito. Ntchito ikatha, mwezi usanathe mwatuluka, kaya munabadwira momwemo.

Ine nditamaliza sukulu ndinalembedwa ukalaliki mu ofesi yomweyo ya alonda. Ndinkalemba ndandanda wa olondera, kusunga mafayilo ndi kutayipa makalata. Ndinapatsidwa kachipinda kamodzi ku mzere wa makalaliki, momwe ndinkakhala ndi khanda langa, bambo ake atapita ku Joni osamvekanso.

Alonda onse analipo makumi anayi. Mwa iwo, makumi awiri ndi anayi anali asilikali opuma, ndipo ababa, amene aliyense ankawatchula kuti a Sajeni, ndiwo ankawatsogolera. Lolemba lililonse m'mawa ankathamanga kuzungulira damu. Palibe anawalamula, anangobwera nacho chizolowezicho. Ndipo kathamangidwe kawo kanali kakekake. Ankaima mizere itatu. Wofooka kuposa onse ankamuika kutsogolo kuti liwiro likhale lake. Sajeni ankathamanga chapambali, akuyambitsa nyimbo, enawo akuvomera, jombo zikugunda pansi nthawi imodzi. Wina akatsalira, gulu lonse linkakhota, kubwerera, kumulowetsa pakati, ulendo n'kupitirira. Ababa ankati ku usilikali akamayesa gulu sawerenga wofika poyamba, amayang'ana nthawi imene womaliza walowa. Amayi otchola tiyi ankawaseka kuti akulu amenewa nkhondo inawathera m'manja koma sakudziwa. Ankaseka uku akuvomera nawo nyimbozo.

Kenako kunabwera manejala watsopano woyang'anira zachitetezo. Anali wochokera m'tauni, wamng'ono kwa ababa ndi zaka zoposa makumi awiri, ndipo ankayenda atakumbatira botolo la madzi ngati khanda. Miyezi itatu yoyamba sanapondeko ku munda wa makadamiya. Njira za esiteti ankazidziwira pa mapu a pakhoma.

Lachitatu lina anandiitana n'kutseka chitseko.

"Achemwali, khalani pansi. Izi ndi konfidensho, mwamva? Akulikulu anena kuti alonda achuluka. Atsale twente basi."

"Ndiye achoke ndani, bwana?"

"Pamenepo ndi pamene pali nkhani. Ndikasankha ine, ati ndakondera. Komanso tikufuna magazi atsopano, achinyamata a Folomu 4, oti akhoza kugwira wailesi n'kulemba lipoti. Ndiye tipanga chonchi. Loweruka aliyense athamange, akale ndi ofunsira ntchito omwe, kuchokera ku shedi ya sikelo kumunsi mpaka pa geti la fakitale. Twente oyamba kufika ndi alonda athu. Simpo."

Ndinamuyang'ana kuti mwina akuseka. Ankamwa madzi.

"Nanga tiwauze kuti ntchito yawo ili pa liwiro limeneli?"

"Ayi, ayi, ayi. Mukufuna sitiraka? Pa notisi mungolemba kuti tikuyesa thanzi. Inu muima pa geti ndi makadi a manambala, aliyense wolowa mukumupatsa yake. Ndipo izi zikatuluka kunja, ndidziwa kuti zatulukira pakamwa panu, chifukwa tikudziwa ndife awiri."

Mpaka lero ndikakumbukira mawu akuti simpo mtima wanga umawira. Anthu oti analondera tiyi ameneyo pa mvula ndi pa chiperoni, ena ali ndi zipsera za zikwanje pamikono, mafayilo awo anali pa shelefu kumbuyo kwake, okhuthala. Akanatha kutsegula n'kuona amene anagwirapo wakuba, amene anapezekapo atagona, amene watsala chaka chimodzi kuti apume mwaulemu. Sanatsegule ngakhale imodzi. Ankafuna kuti anthu achotsedwe koma pasapezeke wowachotsa, kuti mawa akafunsidwa anene kuti ndi miyendo yawo. Umenewu ndimautcha mantha, mantha ovala taye.

Koma ndikamutukwana iyeyo ndisadzisiye ine. Lachinayi ndinadula katoni ya mapepala, n'kulemba manambala ndi cholembera chakuda, kuyambira wani mpaka sevente. Lachisanu masana ababa anabwera pa zenera la ofesi kudzatenga ndandanda wa sabata yotsatira. Anaona notisi n'kumwetulira.

"Iwe, abwana akowa ayamba nzeru tsopano. Gulu limayesedwa ndithu. Ndawauza anzanga kuti yunifolomu isitidwe, jombo zipolishidwe. Aone kuti pano pali asilikali."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwatsine khutu. Manejala anali m'chipinda chinacho, chitseko chili chotsegula pang'ono. Ndikanatha kupita ku malaini poweruka, si kutali, sindikunama. Koma ndinadziuza kuti palibe chifukwa. Ababa anali ndi zaka zopitirira makumi asanu koma analibe mimba, sankasuta, phiri la ku fakitale ankakwera akulankhula. Ndinati munthu ameneyu m'gulu la khumi oyamba sangalepheremo. Ndinadziuzanso kuti akadziwa ababa adziwa onse, chifukwa sabisira anzawo kanthu, ndipo Lolemba ine ndidzakhala pamsewu ndi khanda kumbuyo. Zonsezi zinali zoona. Chimene sindinachiganizire ndi chimene ndinkachiona Lolemba lililonse kwa zaka zonsezo ndi maso angawa.

Loweruka kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza, tiyi yense atanyowa. Ofunsira ntchito anabwera pafupifupi makumi atatu, ochokera ku Luchenza, ku Goliati ndi midzi yozungulira. Ambiri anali a kabaza, akatumba a m'miyendo ngati zibonga, atavala makabudula a mpira, ena osavala nsapato. Amenewo sanafunike kuuzidwa kanthu. Munthu wofuna ntchito akauzidwa kuti thamanga amadziwa kuti mnzake wapambaliyo ndi mdani. Alonda athu achinyamata, amene sanapiteko ku usilikali, ataona alendowo akudumphadumpha anatulukira okha kuti apa pali kanthu, n'kuvula jombo.

Ine ndinakwera galimoto la manejala mpaka pa geti la fakitale. Pamenepo umaona msewu wonse wofiira ukukwera mokhotakhota pakati pa tiyi. Ndinaima ndi makadi anga m'thumba la pulasitiki. Kumunsi kunalira wezulo.

Woyamba anafika ali wefuwefu, analanda khadi m'manja mwanga n'kukasanza m'ngalande. Wachiwiri, wachitatu. Ndinkagawa maso ali kumsewu. Wachisanu ndi chitatu, wakhumi. Ababa osaoneka. Ndinayamba kuganiza kuti mwina aterereka, mwina mwendo wawagwira.

Kenako ndinamva nyimbo.

Anatulukira pa khona la kumunsi, mizere itatu yowongoka, yunifolomu zositidwa, zipewa kumutu. Kutsogolo anaika mkulu wina wa bondo lovuta, amene ankalondera pa geti la chipatala cha esiteti chifukwa choyenda movutikira. Ababa anali chapambali, akuyambitsa nyimbo ndi mawu awo aakulu aja, osatopa n'komwe, akutembenuka n'kumathamanga chambuyo kuti aone mizere yawo. Amayi otchola tiyi anaika madengu pansi, nthungululu zili gwegwegwe. Kunali kokongola.

M'manja mwanga munatsala makadi asanu ndi limodzi a ntchito. Gulu silinali patali kwambiri. Ndinawerenga ndi maso anthu amene anali pakati pa iwo ndi geti: atatu okha. Ndinati mwina atatu akutsogolo apeza.

"Ababa! Thamangani! Asiyeni, thamangani!"

Manejala ananditembenukira. "Achemwali."

Ababa anamva. Anandiyang'ana n'kukwinya nkhope, monga ankachitira ndili mwana ndikalankhula m'tchalitchi. Gulu likakhala pa mzere salikuwira.

Ndipo pa chitunda chomaliza mkulu wa bondo uja anaterereka m'matope n'kugwada. Ndinadziwa chimene chichitike chisanachitike. Ababa anakweza dzanja. Mizere yonse itatu inakhota, inazungulira mwadongosolo, awiri anamugwira m'khwapa n'kumuimiritsa, wina anamutolera chipewa, anamupukuta matope pabondo, mizere inawongokanso. Nyimbo sinaduke. Nthawi yonseyo ofunsira ntchito amene anali atatheratu mpweya ankawadutsa m'mbali. Atatu omaliza kulandira makadi a ntchito analowa pa geti akuyenda. Akuyenda, manja ali m'chiuno! Wina anaima kaye panjira kumwa madzi pa mpopi.

Khadi la twente ndinaligwira kwa kanthawi. Wolifuna anali atatambasula kale dzanja, manejala ali pambali panga. Ndinapereka.

Gulu linafika pa geti nthawi imodzi. Ababa analamula, jombo zinagunda pansi kamodzi, zii. Anayenda masitepe atatu, anaima kutsogolo kwa manejala n'kupereka sawatcha.

"Bwana, gulu lafika. Tinanyamuka makumi awiri ndi anayi, tafika makumi awiri ndi anayi. Palibe watsala m'njira."

Ndipo munthu uja anawomba m'manja. Ndikunena zoona, anapanira botolo lake m'khwapa n'kuwomba m'manja. "Veri gudu, a Sajeni. Veri naisi. Achemwali, apatseni makadi."

Ndinayenda m'mizere ndikugawa. Anthu oti anandinyamulapo ndili wamng'ono ankalandira ndi manja awiri, akuthokoza. Ababa anakana kulandira mpaka onse atalandira, chifukwa sajeni amalowa pomaliza. Lawo linali la fote folo. Analiyang'ana, n'kundifunsa ngati makadiwa abwezedwe ku ofesi kapena asunge.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ababa ankafotokozera aliyense mmene anyamata a masiku ano amathamangira ngati nkhuku zoona kabawi, wina uku wina uko, opanda mwambo. Amati abwana aona okha kusiyana kwake. Amayi ankaseka. Ine ndinanamizira mutu n'kubwerera ku chipinda changa.

Lolemba ndinatayipa makalata. Dzina lililonse ndinkalidziwa osayang'ana pa fayilo. La ababa ndinalisiya pomaliza, ngati kuti likachedwa lisintha. Mawu ake anali amodzimodzi kwa onse: potsatira zotsatira za kuyesa thanzi, kampani ikudandaula kukudziwitsani. Ikudandaula! Manejala anasayina onse osawerenga, akulankhula pa foni za matayala a galimoto lake.

Tsiku lotsatira akuluakulu aja anabwera ku ofesi, ababa ali patsogolo, chipewa m'manja. Ine ndinali pa tebulo langa, maso pa kiyibodi.

"Bwana, pali cholakwika. Kalatayi ikuti talephera. Ife tinafika tonse."

"Munafika mochedwa, a Sajeni."

"Mochedwa pa nthawi iti? Simunatipatse nthawi."

"Liwiro ndi liwiro. Ngakhale ana a sukulu amadziwa kuti wofika poyamba ndiye wawina."

"Mukanatiuza kuti ndi mpikisano, bwana. Mukanatiuza kuti pali ntchito."

"Ine sindinachotse munthu. Manambala ndi awa, aliyense analandira lake pamaso pa anthu. Palibe kukondera."

Mkulu wa bondo uja anayamba kulira, akunena kuti waphetsa anzake. Ababa anamukalipira m'Chilomwe kuti akhale chete, msilikali salira pa ofesi ya munthu. Kenako anavala chipewa, n'kupereka sawatcha kwa munthu amene sankayenera ngakhale moni. Pamenepo ndinapsa mtima ndi iwonso. Ndinkafuna agubuduze tebulo, atukwane, aswe botolo lija. Iwo anatembenuka mwa pelete n'kutuluka.

Zopanda manyazi sizinathere pomwepo. Atsopano aja sankadziwa kumene munda wa makadamiya ukuthera, sankadziwa tinjira ta akuba, mfuti anali asanaigwirepo. Manejala anawatumizira ababa uthenga kuti pa masabata a notisi awaphunzitse. Ndinati akana. Anavomera. Masabata atatu ankayenda nawo m'mawa uliwonse, kuwaonetsa pamene waya anadulidwapo, mtsinje umene umadzaza msanga, mudzi umene suvuta ukamaulankhula bwino. Nditawafunsa chifukwa chake anati akapanda kutero ana a eni akewa akhapidwa mwezi woyamba. Wina mwa ophunzirawo ndi amene anauzidwa kuti adzalowa m'nyumba mwathu.

Anthu a mpingo anapita kukadandaula, a bungwe la antchito analemba kalata. Yankho linali lomwelo, kuti njira inali yoonekera ndipo aliyense anapatsidwa mwayi wofanana. Ine ndi amene ndinatayipa yankholo.

Tsiku losamuka esiteti inapereka thirakitala ndi ngolo yake, yomwe imanyamula nkhuni za ku fakitale. Tinakweza bedi, mipando inayi, ndowa, sutikesi yachitsulo ya ababa ya ku usilikali. Amayi anadula mikoko iwiri ya nthochi isanakhwime, akuti asadye wina. Ku Khwethemule kunalibe nyumba yowadikira, ang'ono awo anangowakonzera khitchini yaudzu kuti ayambe agonamo. Wolowa m'nyumba uja anali atafika kale ndi matiresi pa njinga, ataima chapatali, maso pansi. Sindinamude. Anathamanga chifukwa anauzidwa kuti athamange.

Katundu atatha kukwezedwa ababa anandiitanira kuseri kwa nyumba. Masabata onsewo anali asanandifunse kanthu.

"Iwe, tsiku lija unakuwa kuti ndithamange."

"Eya, ababa."

"Ndiye kuti unkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Lachitatu."

Anawerenga masiku ndi zala, pang'onopang'ono. Ine ndinayamba kulankhula mofulumira, za manejala, za khanda, za kuti ndinkadziwa kuti iwo ndi amphamvu. Kenako ndinanena chimene ndinkadzitonthoza nacho masabata onse aja. Ndinati ngakhale ndikanakuuzani, ababa, inu simukanawasiya anzanu. Ndimakudziwani. Mukanathamangabe pa mzere.

Anandiyang'ana ngati aona mlendo.

"Ukuganiza kuti ndine chitsiru? Ndikanathamanga, mwanawe. Ndikanawauza onse kuti lero kulibe mzere, aliyense adzionere yekha, ndipo ndikanawasiya pamsewu pomwepo, ndi wa bondo yemwe. Anyamata aja theka lawo ndikanalipitirira ndili m'jombo. Amako akanagona m'nyumba mwawo lero."

Thirakitala inali italira kale. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi wa nyumba, womangidwa pa kachingwe ka nsapato.

"Tenga. Ukawapatse abwana ako, si ndiwe wa mu ofesi."

Anakwera ngolo n'kukhala pa sutikesi yawo pafupi ndi amayi, atafulatira kumene ndinaima. Ine ndinadutsa pa khonde, n'kupereka kiyi kwa wa matiresi uja, ndipo anandifunsa ngati mpopi umatuluka madzi tsiku lililonse.